Kuchipinda sikulowa mlendo aliyense

Pa 19 July 2024, makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anasiya kugwira ntchito m'maiko osiyanasiyana, malinga ndi chiwerengero cha Microsoft. Ndege zinakanika kunyamuka, zipatala zina zinaimitsa maopaleshoni, mabanki anasokonekera. Sizinali mbava za pa intaneti ayi. Kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika ku pulogalamu yake yachitetezo, ndipo pulogalamuyo imagwira ntchito mkati mwa kernel. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu.

Kernel ndi mtima wa operating system. Ndiyo imagawa memory, imasankha pulogalamu yoti igwiritse ntchito purosesa, ndiponso imalankhula ndi zipangizo za kompyuta. Pulogalamu wamba ikalakwitsa, imafa yokha, inu n'kuitsegulanso. Koma chinthu chikalakwitsa mkati mwa kernel, chimagwetsa nyumba yonse. Choncho ine ndikuti mu kernel muzilowa zokhazo zimene sizingatheke kugwira ntchito kunja kwake. Zina zonse zizikhala pabalaza.

Mkangano uwu ndi wakale. Mu 1992, Andrew Tanenbaum, amene analemba MINIX, anati Linux ndi yachikale chifukwa inaunjika zonse mu kernel imodzi yaikulu. Linus Torvalds anakana. Lero mafoni a Android ndi maseva ambiri akuyendera Linux, ndiye anthu amati Tanenbaum anagonja. Inde, pamsika anagonja. Koma kugula kwa anthu sikutsimikiza kuti chenjezo lake linali labodza.

Okonda kernel yonenepa amakamba za liwiro. Amati kutumizirana mauthenga pakati pa kernel ndi mapulogalamu akunja kumachedwetsa zinthu, ndipo akunena zoona. N'chifukwa chake Microsoft inalowetsa zojambula pa sikirini mu kernel ya Windows NT 4.0 mu 1996. Liwiro linapezeka, koma gawo limenelo lakhala khomo la akuba kwa zaka zambiri. Kuthamanga sikufika. Kodi wodwala amene opaleshoni yake inaimitsidwa anapindula chiyani ndi liwirolo?

Njira ina ilipo. Mu 2009 akatswiri a ku Australia anatsimikiza ndi masamu kuti kernel yotchedwa seL4 imachita ndendende zimene inalembedwera. Zinatheka chifukwa inali yaing'ono, mizere yosafika 10,000 panthawiyo, pamene Linux ili ndi mizere yopitirira 30 miliyoni, yambiri mwa iyo ya madalaivala. Apple nayo, kuyambira 2019, yakhala ikutulutsa mapulogalamu a makampani ena mu kernel ya macOS. Ngakhale Linux yomweyo inalandira FUSE mu 2005, kuti njira zina zosungira mafayilo zizigwira ntchito kunja.

Ndikudziwa kuti anzanga a sayansi ya makompyuta aseka, n'kumati wowerenga mbiri ndi filosofe ngati ine akudziwa chiyani. Chimene ndikudziwa n'chakuti iyi ndi nkhani ya mphamvu. Mbiri imationetsa kuti aliyense wofuna ulamuliro wopanda malire amabwera ndi chifukwa chomveka bwino, kawirikawiri chitetezo kapena changu. Opanga mapulogalamu nawo amatero pogogoda pakhomo la kernel.

Tisamangofunsa ngati chinthucho chithamanga chikalowa mkati. Tizifunsa kuti tsiku limene chidzalakwitse, adzalire ndani? Ngati wodzalirayo ndi munthu amene sanafunsidwe n'komwe, chinthucho chikhale kunja.