Mpando womwe unkaliza anthu ku New York

Mu 2010, pachionetsero cha ku Museum of Modern Art, waluso Marina Abramović anakhala pampando maola oposa 700, kuyambira Marichi mpaka Meyi, ali duu. Wofuna ankakhala moyang'anizana naye, ndipo ambiri ankachoka misozi ili mbwembwembwe.

Tsiku lotsegulira chionetserocho kunabwera Ulay, bwenzi lake lomwe anasiyana nalo pa Great Wall ku China mu 1988. Marina anatambasula manja patebulo n'kugwira a mnzakeyo, osatulutsa liwu.

Onena kuti uku n'kungokhala chabe, si luso, akulakwitsa. Pocheza anthu amabisala m'mawu, koma mlendo akawayang'ana modekha, wosafuna kanthu kwa iwo, pobisala pamasowa. N'chifukwa chake anthu oposa 1,500 anakhala pampandowo, ena atachezera panja usiku wonse kudikira mpata.