Khanda lathu ndi nyengo ya kuno

Ife Amalawi okhala ku Maryland, Virginia ndi mu Washington tinakula tikuona amayi athu akusambitsa khanda m'mawa ndi madzulo, kulidzoza Vaseline ndi kulifunditsa mabulangete. Mwambowu unatilera bwino, koma chisanu cha kuno si cha ku Dedza. Mu Januwale madzi amaundana panja, pamene m'nyumba makina otenthetsera amaumitsa mpweya. Khungu la khanda ndi lopyapyala, limatuwa ndi kung'aluka msanga.

Maganizo athu ndi akuti Vaseline tisamusiye, koma zina tisinthe. Kusambitsa katatu pa sabata n'kokwanira, ndi madzi ofunda, n'kulidzoza thupi lisanaumiretu. Potuluka panja tilidzoze masaya kuti mphepo isawang'ambe, ndipo livale chovala chimodzi choposa zimene tavala ifeyo. Mabulangete pogona angathe kulibanika. M'galimoto namo, jekete lokhuthala limalepheretsa malamba a mpando kuligwira bwino.

Julayi akafika, tisanamizane kuti khungu lakuda silipsa. Bungwe la American Academy of Pediatrics limalangiza kuti khanda losakwana miyezi 6 lisakhale padzuwa. Mthunzi ndi chipewa ndiye chitetezo chake, ndipo loyamwa bere lipatsidwe madontho a vitamini D, mlingo wa 400 IU tsiku lililonse.

Agogo akabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza kulera, tiwafotokozere zimenezi mwaulemu, pakuti ndiwo amatsala ndi mdzukulu ife tili kuntchito.