Nkhasi ndi mbuna zisakhale m'thanki imodzi

M'nyumba zina kuno ku Chinyonga tikuona mathanki agalasi osungiramo mbuna, tinsomba tokongola tija ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi. Ana akazolowera, amayamba kupempha kuti muikemonso kankhasi. Makolo anzathu, musavomere.

Nkhasi imadya nyama. Ikadali yaing'ono imaoneka yofatsa, koma ikakula imaluma zipsepse za mbuna, makamaka usiku zikamapumula m'miyala. Imadetsanso madzi kwambiri. Magetsi akazima pampu n'kuima, mbuna ndi zomwe zimayamba kufa, pomwe nkhasi imangotukula mutu n'kupuma mpweya wakunja.

Koma nkhawa yathu yaikulu ili pa ana. Nkhasi, ngakhale yooneka yathanzi, imatha kunyamula tizilombo ta Salmonella, toyambitsa kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. N'chifukwa chake mu 1975 dziko la America linaletsa kugulitsa nkhasi za chigoba chosafika mainchesi 4, poti tiana timaziika m'kamwa.

Ngati muli nayo kale, ipatseni thanki yakeyake, kutali ndi ana osakwana zaka 5. Madzi ake musamataye m'sinki ya kukhitchini, ndipo mukangoigwira muzisamba m'manja ndi sopo.