Musamuuze kuti akazolowera

Zotsatira za Giredi 12 zikatuluka, ku Katete, Sinda ndi Vubwi kumamveka mawu amodzimodzi okhudza wachinyamata wa autism amene wapeza malo ku yunivesite: "Musamusasatitse, akazolowera. Tonse tinakulira m'phokoso." Ena amafika ponena kuti mwana wa ku Mkaika, amene mu Ogasiti aliyense amamva ng'oma za Kulamba kwa a Kalonga Gawa Undi, sangadandaule ndi phokoso la m'kalasi. Ife tikukana.

Ng'oma za Kulamba zimalira panja. Mwana zikamukulira amachoka, amakakhala kuseri kwa nkhokwe, ndipo amayi ake amadziwa kuti asamufunse zambiri. Ku yunivesite amalowa m'holo yotseka ya anthu mazanamazana. Maikolofoni ikulira tswii, getsi lalitali la kudenga likuphethira, mipando ikukhululuzika, woyandikana naye wadzola mafuta onunkhira kwambiri, ndipo mkati mwa zonsezo akuyenera kumva mphunzitsi ndi kulemba. Akaweruka amapita ku hositelo, kumene chipinda cha awiri nthawi zambiri mumagona anthu oposa apo, wina akukazinga kapenta, wina watsegula nyimbo. Akapumira kuti?

Ambirife ubongo umatisefera zimene tikumva: umakweza mawu a mphunzitsi n'kutsitsa zina zonse. Kwa anthu ambiri a autism kusefako sikuchitika chimodzimodzi, zonse zimafika pamodzi ndi mphamvu. Madokotala amazidziwa izi. Kuyambira 2013, buku la DSM-5 limene amagwiritsa ntchito pozindikira autism limawerengera kumva mopitirira kapena moperewera phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa ngati chimodzi mwa zizindikiro zake. Phokoso, kuwala ndi fungo zikachuluka, wina amangoti zii osatha kuyankhula, wina amalira kapena kuthawa. Anzake amati ndi wamwano, achibale ena amati walodzedwa, pamene iye mutu wangodzaza.

Tikudziwa kuti onena "akazolowera" ambiri ndi makolo ndi atsibweni okonda mwanayo. Akuopa kuti kuntchito palibe adzamunyengerere, ndipo mantha amenewo ndi omveka. Koma kumuumiriza kupirira tsiku ndi tsiku kumamudyera mphamvu zimene akanaphunzirira, ndipo amene walephera chaka choyamba kuntchitoko sakafikako n'komwe. Temple Grandin wa ku America, amene wanena poyera mmene phokoso linkamupwetekera ali mwana, anatenga digiri ya PhD mu 1989 ndipo anakhala pulofesa wa za ziweto ku Colorado State University. Makola ndi tinjira toyendetsamo ng'ombe timene anakonza anatiganizira poona tinthu timene timadzidzimutsa nyama koma anthu ena satiwona. Mlimi wa ng'ombe ku Katete angamumvetse bwino mayi ameneyu.

Nkhaniyi ili ndi lamulo. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012 limaletsa kusala munthu pa maphunziro chifukwa cha ulumali. Kupempha kusintha kwakung'ono kuti uphunzire ndi ufulu wako.

Zofunikazo si zodula. Wophunzira atenge kalata ya dokotala yofotokoza vuto lake, akaipereke ku ofesi ya Dean of Students maphunziro asanayambe. Ngati ndi ku UNZA, banja limupititse ku Lusaka masiku angapo anzake asanakhamukire, ayende njira ya ku kalasi ndi ku laibulale kudakali bata, apezenso pokhala yekha cha ku Goma Lakes. Akhale ndi zotseka m'makutu, apemphe mpando wa pafupi ndi chitseko, chilolezo chotuluka kwa mphindi zingapo, ndi kulemba mayeso m'chipinda chaching'ono. Aphunzitsi a ku sekondale amene akhala naye zaka zonsezi alembeko zimene zinkamuthandiza, kuti a ku yunivesite asayambire pachabe.