Chingerezi si kuloweza mawu ataliatali

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, mabanja ambiri amalira chifukwa cha phunziro limodzi: Chingerezi. Mwana angakhoze bwanji masamu ndi sayansi, bungwe la MANEB silipereka satifiketi kwa amene walakwa Chingerezi.

Chodandaulitsa n'chakuti ophunzira ambiri amayesa kuti mankhwala ake n'kuloweza mawu ataliatali ogometsera anzawo. Kumeneko n'kutunga madzi ndi dengu. Liwu limadziwika patatu: tanthauzo, katchulidwe ndi kagwiritsidwe ntchito kake.

Mwachitsanzo, liwu limodzi loti "kumva" m'Chingerezi limagawika: "hear" ndi kumva ndi khutu, "feel" ndi kumva m'thupi, pomwe "understand" ndi kumvetsa. Kusinthanitsa "l" ndi "r" sikusokoneza tanthauzo m'Chichewa, koma m'Chingerezi "pray" n'kupemphera ndipo "play" n'kusewera. Nayenso wopempha cholembera ponena kuti "borrow me" waphonya, pakuti kubwereketsa ndi "lend".

Apa makolo ali ndi gawo, ngakhale amene sadapite patali ndi sukulu. Dikishonale imodzi imathandiza ana onse pakhomo kwa zaka zambiri. Mwana akhale ndi kope lolembamo mawu atsopano, liwu lililonse ndi chiganizo chake. Azimvera nkhani za Chingerezi pawailesi, aziwerenga mokweza, ndipo kumene kuli nthambi ya National Library Service azikabwereka mabuku.

Mawu asanu odziwika bwino pasabata amaposa 50 oloweza usiku umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.