Mawu a Mlangizi: Zoseweretsa Ana Zili m'Munda Mwanu

Abale anga a m'midzi, sabata ino tisiye kaye za manyowa, tikambe za ana athu a ku mkombaphala.

Poyendera minda ndimapatukira pa sukulu zimenezi. Ndimapeza mlezi ali ndi ana ambirimbiri, koma m'manja mwa anawo mulibe kanthu. Ndikafunsa, akomiti amati, "Tikudikira a Boma atitumizire zidole." Kudikirako nkwabwino, ndipo kalata yopempha mabuku lemberani ndithu ku ofesi yosamalira anthu ya m'boma lanu. Koma mwana wa zaka 3 sayembekeza kalata. Pofika zaka 6 akhala atapita ku Sitandade 1 asanagwirepo chowerengera.

Tsono taonani zimene mumatentha mukakolola. Chitsononkho mukachiveka kansanza, ndi mwana wobereka kumbuyo. Zitsononkho 10, zazitali ndi zazifupi, ziphunzitsa kuwerenga ndi kusiyanitsa msinkhu. Mapesi apanga galimoto ndi magalasi, monga tinkachitira ife pobusa. Chigoba cha mlambe ndi chipanda chouma ndiwo maseche. Dothi la mtapo lili ku dambo kwaulere. Mwana amene waumba ng'ombe ya nyanga ziwiri, zala zake sizidzavutika kugwira pensulo. Agogo amene amadziwa kuluka ndi kusema, apempheni, asamangoothera dzuwa.

Pano mverani bwino, pakuti ndi mbali yanga. Mbewu ya m'sitolo yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ili ndi mankhwala. Ana amaikonda chifukwa cha maonekedwe ake, koma musawapatse yowerengera, ngakhale yotsala pobzala. Nthanga za nsatsi nzokongola, komanso zili ndi poizoni woopsa mwana akatafuna. Botolo kapena chitini chimene munali mankhwala a thonje, a fodya kapena a m'nkhokwe chisafike pa sukulu, mungachitsuke chotani. Ndinachipezapo chotere chili m'dengu la zidole, ndipo amene anachibweretsa anali kholo la mtima wabwino. Nyemba ndi timiyala tating'ono nazonso zimalowa m'mphuno ndi m'makutu; sankhani zazikulu zoti sizingamezeke.

Amfumu aitanitse tsiku limodzi mukatha kukolola, banja lililonse libwere ndi chake. Zikapangidwa, ziikeni m'dengu ndi kulipachika kudenga, chifukwa chiswe chimakonda mapesi kuposa mmene ana amawakondera.