Kalata yachinyengo ikadutsa sefa, kungoifufuta sikukwanira

Mu Januwale 2004, mkulu wa kampani ya Microsoft, Bill Gates, adalonjeza pamsonkhano wa ku Davos kuti pakutha zaka ziwiri vuto la makalata osafunika a pa imelo, otchedwa spam, lidzakhala litatha. Papita zaka zoposa 20 koma makalatawa akugwabe m'mafoni ndi m'makompyuta athu.

Makampani ayesetsa ndithu. Google imati sefa ya Gmail imatchinga makalata oipa oposa 99.9 peresenti, ndipo mu 2023 idati imatsekereza makalata pafupifupi 15 biliyoni tsiku lililonse. Koma pachiwerengero chotere, ngakhale kalata imodzi yokha mwa 1,000 itapulumuka, ndiye kuti mamiliyoni afika kwa anthu.

Chodetsa nkhawa n'chakuti makalata opulumukawo ndiwo adakonzedwa mwaluso kwambiri. Sefa imayang'ana komwe kalata yachokera, mbiri ya wotumiza, mawu ake ndi malinki ake. Mbava nazo zimadziwa izi. Zina zimabisa uthenga m'chithunzi kapena m'chikalata cha PDF. Zina zimayamba zaba akaunti ya munthu weniweni, kotero kalata yopempha ndalama imafika m'dzina la mnzanu wa kuntchito kapena la kampani imene mumachita nayo malonda, ndipo sefa siiona ngati yachilendo.

Mu February 2024, Google ndi Yahoo zidakhwimitsa malamulo. Aliyense wotumiza makalata oposa 5,000 patsiku ku Gmail ayenera kutsimikizira kuti adiresi ndi yakedi kudzera m'njira zotchedwa SPF, DKIM ndi DMARC, kupereka mwayi woleka kulandira makalata podina kamodzi kokha, ndiponso kuonetsetsa kuti madandaulo asafike 0.3 peresenti. Izi zimavutitsa wonamizira adiresi ya wina, koma wakuba amene walembetsa adiresi yakeyake angathe kukwaniritsa zonsezi.

Kuno kwathu, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa mchitidwewu. Vuto n'lakuti wotumiza angathe kukhala kunja kwa dziko, kumene apolisi athu sangamufikire msanga. Pomwe anthu ambiri m'mizinda akufunsira ntchito, kulandira malipoti a kubanki ndi kuchita malonda pa imelo, kalata imodzi yabodza ingathe kumudyera munthu malipiro a mwezi wonse.

Apa m'pamene wowerenga ali ndi gawo lake. Ambiri tikaona kalata yokayikitsa timangoifufuta, koma kutero sikuphunzitsa sefa chilichonse. Kudina "Report spam" kumauza makinawo kuti kalata yamtunduwu njoipa, ndipo anthu ochuluka akatero imayamba kutsekeredwa kwa enanso. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kutsekera adiresi ya wotumiza kumathandiza pang'ono chabe chifukwa mbava zimasintha maadiresi kawirikawiri. Kwa makalata obwerezabwereza, ndi bwino kudzikonzera lamulo m'bokosi lanu loti kalata yokhala ndi mawu akutiakuti izipita kotaya. Batani loleka kulandira makalata ndi loyenera pa kampani imene mudalembetsako nokha. Pa kalata yachinyengo, kulidina kapena kuyankha kumangotsimikizira wakubayo kuti adiresi yanu ikugwira ntchito. Kalata yonena kuti nambala ya akaunti yolipirira yasintha itsimikizidwe poimba foni pa nambala imene mukuidziwa kale, osati yolembedwa m'kalatamo.

Mabanki, masukulu ndi maofesi aboma nawonso ateteze maadiresi awo ndi DMARC kuti dzina lawo lisamagwiritsidwe ntchito pobera anthu. Ndipo popeza sefa nthawi zina imalakwitsa, wofunsira ntchito asaiwale kusuzumira m'bokosi la spam: kalata yomuitanira ku mayeso a ntchito ikhoza kukhala ili m'menemo.